Kubwerera Kwanu Mutakhalitsa Kunja: Zoyenera Kuchita ndi Nthawi Yake

Anthu ambiri amakonzekera ulendo wopita kudziko la eni mwakhama kuposa mmene amakonzekera ulendo wobwerera kwawo. Popita amasonkhanitsa zikalata, amafunsa nzeru kwa amene anatsogola, ndiponso amasunga ndalama kwa miyezi yambiri, koma pobwerera amangoti, "Kwathu n'kwathu, ndikaona ndikafika." Maganizo amenewa ndi amene amagwetsa anthu m'mavuto, chifukwa kubwerera ndi kusamuka kwathunthu, ndipo mbali yaikulu ya ntchito yake imatheka pokhapokha mudakali m'dziko limene mukuchokamo, pamene muli ndi adiresi yodziwika, nambala ya foni yogwira ntchito ndi chilolezo chokhalamo. Chikalata chimene mungatenge tsiku limodzi muli komweko chikhoza kukutherani miyezi mukachifuna muli kutali. N'chifukwa chake malangizo awa atsatira nthawi, kuyambira kutatsala chaka chathunthu kufikira miyezi yoyamba mutafika.

Kutatsala chaka: dziwani zimene mudzataye mukachoka

Musanauze abwana anu kapena kugula tikiti, fufuzani kuti chilolezo chanu chokhala m'dzikomo chidzatha liti mukadzatuluka. Chilolezo chimene chimatchedwa chokhazikika chimathanso. Ku United Kingdom, chilolezo chokhala mopanda malire a nthawi chimafa munthu akakhala kunja kwa dzikolo zaka 2 zotsatizana. Ku America, mwini green card, khadi la chilolezo chokhazikika cha dzikolo, akakhala kunja kupitirira chaka chimodzi sangalowenso ndi khadilo lokha. Pali chikalata china chomulola kukhala kunja mpaka zaka 2, koma amayenera kuchipempha adakali m'dzikomo. Ngati kwatsala pang'ono kuti muyenerere unzika wa dziko limene mukukhala, ganizani mofatsa ngati sikungakhale kwanzeru kudikira miyezi yotsalayo. Komano mufunsenso malamulo a kwanu, popeza mayiko ena, monga India ndi China, salola munthu kukhala nzika ya mayiko awiri.

Amene chilolezo chawo chinatha kale asangopita pabwalo la ndege kapena pachipata osadziwa chimene chikuwadikira. Ku South Africa, kuyambira mu 2014, munthu wopitiriza masiku amene anapatsidwa amaletsedwa kulowanso m'dzikolo kwa chaka chimodzi ngati masiku owonjezerawo sanapose 30, ndipo akaposa 30 chiletsocho chimakhala cha zaka 5. Yambani mwapita ku ofesi ya kazembe wa dziko lanu, imene ikhoza kukupatsani chikalata choyendera ulendo umodzi ngati pasipoti yanu inatayika kapena inatha ntchito. Bungwe loona za anthu osamuka la IOM, lomwe linalowa m'gulu la mabungwe a United Nations mu 2016, limathandiza ena ofuna kubwerera mwakufuna kwawo powalipirira ulendo, ndipo nthawi zina limawapatsanso poyambira.

Ngati m'thumba muli bwino, kachezeni kwanu kwa mwezi umodzi kapena iwiri nthawi yosamuka isanakwane, ndipo mukakhale monga munthu wokhala komweko. Mlendo amalandiridwa, amaphikiridwa ndi kuperekezedwa kulikonse, pamene wokhalamo amaima pamzere ku banki, amalipira madzi ndi magetsi, ndipo amafunsa yekha mtengo wa lendi ndi fizi ya sukulu. Lembani chilichonse chimene mwawononga kuti mudziwe ndalama zimene mwezi umodzi umadya. Ngati mwakhala mukutumiza ndalama zogulira malo kapena zomangira nyumba, uwu ndi mpata wokaona ndi maso anu. Chithunzi cha pa WhatsApp chimaonetsa khoma ndi denga, koma sichionetsa dzina limene linalembedwa pa chikalata cha malowo. Kagwireni chikalatacho ndi manja anu, ndipo mukachitsimikize ku ofesi ya boma yosunga kaundula wa malo. Kuchita zimenezi si kukayikira abale. Ndi bwino vuto lipezeke mudakali pa ntchito yolandira malipiro kusiyana n'kulipeza mutafika ndi ana ndi katundu, mulibenso kolowera.

Kutatsala miyezi 9 mpaka 6: zikalata

Gawo ili ndi limene anthu amalinyalanyaza kwambiri, koma ndi limene limawawa kwambiri pambuyo pake. Tengani faelo imodzi ndipo muikemo satifiketi yobadwira ya mwana aliyense wobadwira kunja, satifiketi ya ukwati kapena chigamulo cha khoti chothetsa ukwati, madigiri ndi madipuloma anu pamodzi ndi mapepala oonetsa maphunziro onse amene munakhoza, ndiponso makalata ochokera kwa owalemba ntchito onse amene munawagwirira. Kalata ya kuntchito ikhale pa pepala la kampani, itchule udindo wanu, tsiku loyamba ndi lomaliza, ndi ntchito zimene munkagwira. Ipempheni mudakali pa ntchito, chifukwa bwana amene akukudziwani lero akhoza kukhala atachoka chaka chamawa.

Chikalata choperekedwa m'dziko lina sichingolandiridwa m'dziko linzake popanda umboni woti n'chenicheni. Mayiko oposa 120 ali m'pangano la ku Hague la mu 1961, limene linakhazikitsa chidindo chotchedwa apostille. Ngati dziko limene mukuchokamo ndi dziko lanu onse ali m'panganolo, chidindo chimodzicho n'chokwanira. Ngati limodzi mulibe, chikalatacho chimadutsa njira yaitali: chimatsimikizidwa ndi unduna woona za ubale ndi mayiko ena wa dziko lochiperekalo, kenako ndi ofesi ya kazembe wa dziko lanu. Njira zonse ziwirizi zimachitikira m'dziko limene linapereka chikalatacho, ndiye mukachoka osachita, mudzayamba kutumiza mapepala anu enieni pa positi ndi kupempha anzanu kuti akakuimireni pamzere. Ngati zikalatazo zili m'chilankhulo chimene maofesi a kwanu sagwiritsa ntchito, zimasuliridwe ndi womasulira wovomerezeka ndi boma kapena khoti.

Anamwino, madokotala, aphunzitsi, mainjiniya ndi maloya alembere msanga bungwe loyang'anira ntchito yawo kwawo, afunse zofunika kuti alembetsedwe, chifukwa kawirikawiri bungwelo limafuna kalata yochokera mwachindunji ku bungwe linzake la kunja yotsimikiza kuti munthuyo alibe mlandu pa ntchito yake. Kalata ya apolisi yoonetsa kuti simunapalamulepo muisiye komalizira, popeza malo ambiri amailandira ikakhala ya miyezi yochepa chabe. Zonse zikakwana, zijambuleni, musunge zithunzi zake pa intaneti, ndipo zenizenizo mudzanyamule m'chikwama cham'manja, osaziika m'kontena kapena m'sutikesi yopita pansi pa ndege.

Ana obadwira kunja alembetsedwe ku ofesi ya kazembe kuti akhale ndi umboni wa unzika wa kwanu asananyamuke. Ngati mkazi kapena mwamuna wanu ndi nzika ya dziko lina, ukwati pawokha sumupatsa ufulu wokhala kapena kugwira ntchito kwanu, choncho fufuzani chilolezo chake pa nthawi yomweyi. Nkhani ina ndi yolemera kwambiri: ngati munasiyana ndi kholo linzanu, musatuluke ndi mwana popanda chilolezo chake cholembedwa kapena chigamulo cha khoti. Pangano lina la ku Hague, la mu 1980, limalola khoti kulamula kuti mwana wotengedwa motero abwezedwe kudziko limene amakhala, ndipo m'mayiko ambiri kholo lomutengalo limayankha mlandu.

Ndalama: msonkho, penshoni ndi banki

Kukwera ndege sikuthetsa nkhani yanu ndi otolera msonkho. Adziwitseni mwalamulo kuti mukuchoka. Ku United Kingdom anthu ambiri amachita izi ndi fomu ya P85 yopita ku HMRC, bungwe lotolera msonkho la dzikolo, ndipo amene achoka chaka cha msonkho chisanathe nthawi zambiri amabwezeredwa msonkho umene anadulidwa mopitirira. America ndi yosiyana ndi mayiko ambiri, chifukwa nzika zake ndi eni green card amayenera kupereka malipoti a msonkho ngakhale akukhala kunja. Mayiko ambiri amawerenga masiku 183 pa chaka monga njira imodzi yodziwira kumene munthu ayenera kukhoma msonkho, motero tsiku lonyamuka likhoza kusintha ndalama zimene mudzalipire m'chaka chosamukacho. Ngati mukusiya nyumba yochititsa lendi kapena masheya, funsani katswiri wa za msonkho ngati mayiko awiriwo ali ndi mgwirizano woletsa kukhometsa munthu kawiri pa ndalama imodzi.

Penshoni ndi chuma chimene anthu ambiri amachisiya osadziwa. Lembani mayina a makampani onse amene munagwirako ntchito, ndipo mufunse aliyense kumene kunkapita ndalama zimene ankakudulani. Malamulo ake amasiyana kwambiri. Ku United Kingdom pamafunika zaka 10 zosonkha kuti munthu alandire kalikonse pa penshoni ya boma, ndi zaka 35 kuti alandire yonse. Ndiponso wokhala m'dziko limene lilibe mgwirizano wa nkhaniyi ndi United Kingdom, monga South Africa, Canada kapena Australia, penshoni yake siikwera chaka ndi chaka ngati ya anzake okhala komweko. Ku Japan, mlendo amene sanakwanitse zaka zolandirira penshoni akhoza kupempha gawo la ndalama zake nthawi imodzi, koma apemphe zaka 2 zisanathe chichokereni. Ku South Africa, kuyambira pa 1 March 2021, ndalama za mitundu ina ya penshoni zimatulutsidwa munthu akatha zaka 3 zotsatizana asakuwerengedwa ngati wokhoma msonkho wa dzikolo. Sungani nambala zanu zonse za penshoni ndi za msonkho, ndipo nthawi iliyonse mukasintha adiresi muzidziwitsa osunga penshoniyo, chifukwa ambiri amatumiza fomu yotsimikiza kuti mudakali moyo, ndipo ikapanda kubwezedwa amaimitsa malipiro.

Musatseke akaunti yanu ya banki tsiku lochoka. Dipoziti ya nyumba, malipiro omaliza ndi msonkho wobwezedwa zimabwera patapita milungu kapena miyezi, ndipo zimafuna polowera. Funsani banki ngati imalola munthu wokhala kunja kusunga akaunti, popeza ena amatseka. Pali kanthu kakang'ono kamene kamatsekereza anthu ambiri: mukafuna kutumiza ndalama, banki imatumiza nambala yachinsinsi pa foni, ndipo nambalayo imapita ku SIM khadi ya dziko limene munachoka, imene mwina munaitaya kapena inafa chifukwa chosagwiritsidwa ntchito. Ndalama mukuziona pa foni, koma simungazikhudze. Musananyamuke, sinthani njira yotsimikizira kuti ikhale ya pa pulogalamu ya banki kapena pa imelo, apo ayi sungani SIM khadiyo yamoyo.

Posamutsa ndalama, musatumize zonse nthawi imodzi, makamaka ngati ndalama ya kwanu imagwa mphamvu kawirikawiri kapena ngati malamulo a kwanu amavuta potulutsanso ndalama zakunja. Funsani ngati mabanki a kwanu amalola akaunti ya ndalama zakunja. Yerekezani makampani otumiza ndalama poona chimene chifike m'manja mwanu, chifukwa ena amati sadula kanthu koma amadyera pa mtengo wosinthira. Onyamula ndalama m'thumba adziwe kuti potuluka kapena polowa m'mayiko a European Union ndi mayuro 10,000 kapena kuposa amayenera kunena kwa a kasitomu, ndipo ku America lamulolo limagwira ndalama zoposa madola 10,000. Mwa kuona kwanga, munthu asanyamuke asanapatule ndalama zokwanira kudyetsa banja lake miyezi 6 mpaka 12, zosiyana ndi mpamba wa bizinesi kapena ndalama zomalizira nyumba.

Kutatsala miyezi 4 mpaka 3: katundu

Kontena ya mafiti 20 imalowa katundu wa makyubiki mita pafupifupi 33, ndipo ya mafiti 40 imalowa pafupifupi 67. Amene katundu wawo ndi wochepa akhoza kulipira malo m'kontena yogawana ndi anthu ena, koma imachedwa chifukwa imadikira kudzaza. Pezani mitengo ya makampani angapo, ndipo aliyense alembe momveka ngati mtengowo ukufika padoko pokha kapena pakhomo panu. Kusiyana kwake n'kwakukulu, makamaka ngati dziko lanu lili kutali ndi nyanja, kumene ulendo wa pamtunda wochokera padoko umadula kwambiri.

Mayiko ambiri amachotsa kapena kuchepetsa msonkho pa katundu wa m'nyumba wa nzika yobwerera, koma amaika zoyenera kukwaniritsa: kuti munakhala kunja nthawi yakutiyakuti, kuti katunduyo ndi wanu ndipo munkamugwiritsa ntchito, kuti afike mkati mwa nthawi yoikika kuchokera tsiku lanu lofika, ndiponso kuti musamugulitse msanga. Lemberani a kasitomu a kwanu musanapakire, mulandire yankho lolembedwa. Musadalire zimene mnzanu anachita zaka zapitazo, chifukwa malamulowa amasintha. Bokosi lililonse likhale ndi nambala, ndipo pamndandanda mulembe zimene zili mkati mwachindunji, monga "bokosi 14: mapoto, mbale ndi masupuni". Bokosi lolembedwa kuti "zosiyanasiyana" ndi limene woyendera amayamba kulitsegula. Dzina la pa chikalata cha sitima, chimene amachitcha bill of lading, lifanane ndendende ndi la pa pasipoti yanu. Pezani ejenti wovomerezeka wotulutsa katundu sitima isanafike, chifukwa masiku aulere padoko ndi ochepa, ndipo akatha mumalipira tsiku lililonse kontena ikakhala pamenepo.

Zipangizo zamagetsi za ku America ndi Canada zimayendera mavolti 120, za ku Japan 100, pamene ku Ulaya, ku Africa ndi mbali yaikulu ya Asia magetsi ndi a mavolti 220 mpaka 240. Yang'anani kachikwangwani kakumbuyo kwa chipangizo: ngati palembedwa 100–240V chidzagwira kulikonse, koma firiji, ayironi kapena makina ochapira olembedwa 120V okha ndi bwino kuwagulitsa. Za galimoto, funsani ngati kwanu amalola chiwongolero cha mbali imeneyo, ngati pali malire a zaka za galimoto, ndiponso ngati zipangizo zake zimapezeka.

Thanzi ndi ana

Pemphani mbiri yanu yonse ya kuchipatala ndi makhadi a katemera a ana. Odwala shuga, kuthamanga kwa magazi, mphumu kapena amene amamwa ma ARV apemphe dokotala kuti awalembere dzina lenileni la mankhwala ndi mlingo wake, popeza mayina a pa botolo amasiyana dziko ndi dziko, ndipo anyamule mankhwala a miyezi ingapo pamodzi ndi kalata ya dokotalayo. Inshuwalansi yatsopano nthawi zambiri imakhala ndi miyezi yodikira isanayambe kulipira matenda akale kapena uchembere, ndiye lembetsani msanga.

Obwerera kumadera a malungo amve izi: chitetezo chimene thupi limakhala nacho chifukwa chokulira kumalo a malungo chimachepa munthu akakhala kutali, ndipo ana obadwira kunja alibiretu. Munthu amene kale ankadwala malungo n'kumayendabe akhoza tsopano kugonekedwa nawo m'chipatala. Gonani m'masikito kuyambira usiku woyamba, funsani dokotala za mankhwala oteteza, ndipo thupi likatentha kayezetseni tsiku lomwelo. Ngati ulendo wanu ukufuna khadi la katemera wa yellow fever, dziwani kuti kuyambira mu 2016 katemera mmodzi amawerengedwa wa moyo wonse.

Tsiku losamuka ligwirizane ndi chaka cha sukulu, chifukwa mayiko ena amatsegulira mu September pamene ena amatsegulira mu January, ndipo mwana amene watsala pang'ono kulemba mayeso aakulu ndi bwino amalize kaye. Kumbukiraninso kuti inu mukubwerera, koma mwana wokulira kunja akupita kudziko lachilendo, akusiya anzake ndi chilankhulo chimene amaganizira. Muuzeni nthawi idakalipo, mulole atsanzike bwino, ndipo muchenjeze abale kuti asamuseke akamalankhula chilankhulo cha kwanu mopotoza, chifukwa mwana wosekedwa amasiya kuyesa.

Mwezi womaliza

Perekani notisi ya nyumba monga mwa pangano, jambulani zipinda zonse potuluka kuti dipoziti isadulidwe mopanda chifukwa, ndipo thetsani mapangano a foni, intaneti, magetsi ndi inshuwalansi mwa kulemba. M'mayiko ena, monga Germany, lamulo limafuna kuti mukadzichotse m'kaundula wa boma la mzinda, ndipo kalata imene amakupatsani imathandiza pothetsa mapangano enawo. Bwezani ngongole kapena gwirizanani za kabwezedwe kake, chifukwa ngongole yothawidwa imakula ndi chiwongola dzanja ndipo ikhoza kukutsekerani njira mukadzafuna kubwereranso.

Mukafika

M'milungu yoyamba konzani chiphaso cha unzika, nambala ya msonkho, akaunti ya banki ndi laisensi yoyendetsera galimoto, popeza laisensi yakunja imaloledwa kwa nthawi yochepa. Pofuna ntchito, yembekezerani kuti malipiro akhoza kutsika ndiponso kuti ena adzakayikira ngati mukhalitsa. Anthu amene munaphunzira nawo kapena kugwira nawo ntchito kale ndi amene amadziwa kumene kuli mipata, choncho yambani kulankhula nawo musanafike. Ofuna kuyamba bizinesi adikire miyezi ingapo akuphunzira msika, ayambe ndi gawo lochepa la mpamba, ndipo mgwirizano uliwonse, ngakhale ndi mbale wa bere limodzi, ulembedwe.

Abale amene munkawathandiza muli kunja adzapitiriza kuyembekezera thandizo lomwelo, pamene gwero lake lauma. Khalani nawo pansi msanga, muwauze zoona za mmene zinthu zilili, mutchule zimene mupitirize, monga fizi ya mwana amene ali pakati pa maphunziro, ndi zimene simungathenso. Kukamba zimenezi kumavuta, koma kungokhala chete n'kumapereka mpaka ndalama zitatha kumawononga ubale kwambiri.

Pakatha chisangalalo cha masiku oyamba, ambiri amadabwa kuona kuti akudzimva achilendo kwawo komwe. Mu 1963, akatswiri awiri, John ndi Jeanne Gullahorn, analongosola kuti kusokonezeka maganizo kumene munthu amakumana nako akafika kudziko lachilendo kumabweranso akabwerera kwawo. Anzanu anapitiriza moyo wawo, ena anamwalira, misewu inasintha, ndipo inunso munasintha. Nkhani zanu za kunja anthu amazimvetsera mphindi zochepa n'kusintha nkhani. Pewani kuyamba chiganizo chilichonse ndi mawu akuti "kumene ndinali", chifukwa omvera amamva ngati mukuwanyoza ngakhale inu musakutanthauza zimenezo. Funsani mafunso ambiri, pezani ena amene anabwerera kale kuti muzikamba nawo momasuka, ndipo ngati kusowa tulo, kukhumudwa kapena kumwa mowa mopitirira kukupitirira kwa milungu ingapo, kaonaneni ndi dokotala kapena mlangizi.

Musagamule m'miyezi itatu yoyamba kuti kubwerera kunali kulakwitsa. Dziikireni nthawi, monga pakatha miyezi 9, yoti mukhale pansi ndi banja lanu n'kuona ndalama zotsala, ntchito, sukulu ya ana ndi thanzi la aliyense. Nthawi imeneyi ifike tsiku lothera chilolezo chanu chakunja lisanakwane, kuti ngati mwagwirizana zobwereranso mukhale ndi miyezi yokwanira kukonza ulendowo.